Palani Mpaka Mupeze Polimba

Lolemba, 25 Okutobala 1954

Penti wafika! Penti weniweni, wam'chitini, pakhomo panga pano.

Wabwera naye ndi mlamu wanga Fabiyano, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene amanyamula makwerero a opaka penti ku Lusaka. Akuti kapitawo wawo wawapatsa chitini chotsala. Achimanga panjinga ndi luzi, achifunditsa chiguduli ngati mwana wodwala malungo.

Titsegula ndi mpeni. Fungo lokhalo! Likulowa m'mphuno n'kukakhala kuseri kwa maso. Pamwamba pali chikopa chonga cha phala lozizira. Mlamu achiboola ndi kamtengo, ndipo pansi pake pali buluu. Buluu wotere sindinamuonepo chibadwire. Ndikamapita kukagulitsa matimati ku Chalimbana ndimaona zitseko zopakidwa panyumba za aphunzitsi, koma kumeneko penti amakhala atauma, atafatsa. Uyu ndi wamoyo, akugwedezeka m'chitini. Ndavula chipewa osadziwa.

Nkhani yake ndi iyi. Amake Lusiya afika Lamulungu pa basi yochokera kum'mawa. Anapita kwawo ku Katete kukachira, molamulidwa ndi apongozi: woyamba uja, Lusiya, anatisiya ali wamng'ono kuno kuchilendo, ndiye wachiwiriyu akabadwire m'manja mwa agogo ake. Uthenga unabwera kuti ndi mwamuna, wonenepa, wolira mwamphamvu. Sindinamuonebe. Ndikufuna mwana wanga alowe m'nyumba yabuluu, kunja ndi mkati, mvula isanagwe. Amake asadziwe kanthu mpaka aone ndi maso.

Chitinicho n'chapakati chabe, koma mlamu akuti ndikathiramo palafini penti amaswana.

Malamulo andipatsa phazi limodzi lili kale panjinga:

"Mulamu, penti siinama. Imaulula vonse vili pansi. Kupaka ni nchito ya mwana, nchito yeniyeni ni kukonza chipupa. Sesani. Palani mpaka mupeze polimba. Sukani na manzi na sopo. Tsekani ming'alu. Chikauma, ndiye mupake."

Mawu anzeru bwanji! Munthu akakhala kutauni mutu umatseguka ndithu.

Lero kusesa. Katundu yense panja. Zimene ndapeza kuseri kwa katundu:
supuni imene tinaitaya chaka chatha
dzira, sindikudziwa la liti
chikopa cha njoka, chachitali kuposa mkono wanga, mwini wake sanasiye uthenga
nsapato yanga yakumanzere, yomwe ndinanamizira galu

Ndamanga tsache ku nsungwi n'kugwedeza kudenga. Mwaye wagwa ngati ndaphwasula uvuni wa makala. Pakhoma pali timiphika tadothi ta mavu. Ndaswa kamodzi: mkati muli akangaude, oikidwa mwadongosolo, sanafe koma akugona. Kani m'nyumba mwanga muli eni nkhokwe ena!

Bana Malita, kapena kuti amake Malita, anansi athu, mbadwa za kuno amene abale awo anatipatsa malo ano, adutsa ndi mtsuko pamutu. Ayang'ana katundu, ayang'ana nkhope yanga yakuda bii.

"Musamuka, bashi Lusiya?"

Bashi Lusiya ndine, ndimo mmene a kuno amanenera atate ake Lusiya. Ndangomwetulira. Adzaona Lamulungu.

Lachiwiri, 26 Okutobala

Dzuwa lisanakwiye ndili kale pakhoma lakumaso, lija lili ndi chitseko. Chida changa: kakhasu kakutha kopanda mpini.

Kupala n'kokoma! Dothi likuyoyoka lokha, fumbi likukwera, ine ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Pamwamba m'pofiira. Ndikuti pansi pake ndipeza polimba. Pansi pake pakuda. Pansi pa pakudapo potuwa ngati phulusa. Pansi pakenso pachikasu. Kenako pofiira pena, posiyana ndi poyamba paja.

Ndaleka kuimba.

Ndagona m'nyumba muno zaka zonsezi, ndipo munthu akanandifunsa kuti khoma lako ndi la mtundu wanji, ndikanayankha kuti ndi la mtundu wa khoma. Kani mkazi ameneyu chaka chilichonse tikakolola amasintha mtsiro, dothi lija lozirira! Ndinkamuona akubwera ndi dengu pamutu, lero kuchokera kudambo, chaka china kuchokera kumtsinje wa Chongwe, khosi litalowa m'mapewa, ine n'kumangofunsa ngati madzi osamba atentha.

Tsopano ndikupala pang'onopang'ono, ngati ndikusenda mbatata yowotcha. Zaka zikutuluka chimodzichimodzi.

Chakudacho ndi chaka chimene ndinagula njinga. Nachi chipsera pamene ndinkayedzeka chiwongolero.
Chachikasu ndi chaka cha mbuzi ya bana Malita, ija inkadzikanda pakhoma pathu ngati kwawo kulibe makoma. Ubweya wake ulipo mpaka lero.
M'chotuwacho muli mkanda wofiira. Amake Lusiya anaufuna sabata yathunthu, mapeto ake mlandu unagwera nkhuku. Nkhukuyo tinadya.

Ndipo paliponse pali mizere ya zala, yokhota ngati uta, wina pamwamba pa unzake, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lake limalekezera akaima chonyang'ama. Khoma lonse! Ndayesa kuika zala zanga m'mizeremo. Sizikukwana, zanga n'zonenepa.

Ndikuchita mantha pang'ono, monga munthu amene walowa m'tchalitchi mopanda anthu. Koma lamulo ndi lamulo. Polimba sindinapapezebe.

Madzulo tizilombo toyera tayamba kutuluka m'kang'alu. Chiswe pang'ono, palibe nyumba yopanda chiswe. Nkhuku zanga zandizungulira ngati ndikugawa mgonero.

Bana Malita pobwerera kuchitsime:

"Imwe ba kum'mawa, mbewa zasila kumunda kuti muyambe kukumba nyumba?"

Anthu a kuno nkhani ya mbewa sadzatisiya nayo. Munthu wopaka penti sakangana ndi odutsa.

Lachitatu, 27 Okutobala

Ndafika pamtengo!

Mitengo ya nyumba ino ndinadula ndekha, kusenza ndekha, kuimika ndekha, chaka chimene tinafika. Palibe mlendo amene anakhalapo pakhonde pano osaimva nkhani imeneyi. Ndimaikamba ndikumenya khoma ndi chikhatho kuti amve kulimba kwake. Ndiye apa ndati, eya, polimba paja ndi pano.

Ndigogoda ndi chala. Chala chilowa. Chilowa chonse.

Mtengo mulibe. Latsala ndi khungwa lokha, lopyapyala ngati pepala la fodya. Mkati mwake muli misewu, timilatho, tizipinda, ndi chiswe chikuyenda mwaulemu, ena kukwera ena kutsika, osagundana. Ku Lusaka ndinaona amisiri akumanga, phokoso lake lomveka kutali, kapitawo akukalipa. Awa agwira ntchito zaka zonsezi pafupi ndi khutu langa, osatsokomola ngakhale kamodzi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndiboola pa mtengo wachiwiri. Chimodzimodzi. Wachitatu. Wapangodya, uja unandithyola msana. Fumbi lokhalokha. Mbariro zinadyedwa. Luzi linadyedwa. Zanga zonse m'nyumba muno zinadyedwa kalekale!

Nanga denga lakhala pa chiyani?

Ndatuluka chambuyo, mosapumira, n'kukakhala pansi pa msuku. Ndikuiyang'ana nyumba. Yaima. Ikundiyang'ana. Mitengo mulibe, koma yaima, udzu wonse uja uli pamutu pake.

Yaima pa mtsiro basi. Nyumbayi ndi mphika. Mkazi wanga wakhala akuiumba chaka ndi chaka, kunja ndi mkati, ine n'kumagona m'menemo ngati nyemba, n'kumauza alendo za mitengo yanga.

Ndakhala kukamwa yasa mpaka ntchentche yandikumbutsa.

Vuto ndi lakuti khoma lakumaso ndalipala kale kupitirira theka. Pena ndikaika khutu ndikumva mphepo ya mkati.

Palibe kanthu. Lamulo lina limati tsekani ming'alu. Ndakumba dothi pachulu, ndaponda ndi mapazi, ndaumba chibulunga, ndaponya pakhoma. Phwa! Chamata. Chikhala kaye ngati chikuganiza. Kenako chigwa, chitatenga ndi khoma lakale lomwe. Pamene panali mng'alu wolowa chala tsopano pakulowa nkhonya.

Nkhuku za mudzi wonse zamva. Zabwera ndi za kutsidya kwa dambo zimene sindikudziwa eni ake. Tambala wanga wakhuta chiswe mpaka akulephera kulira.

Bana Malita lero adutsanso. Atula mtsuko, ayang'ana nthawi yaitali, asenzanso, apita. Bola akanandinyoza.

Maganizo atsopano: kunja kudikire. Mawa ndiyamba mkati. Mkati simufika mvula, muyenera kukhala molimba.

Lachinayi, 28 Okutobala

Lero kutsuka. Ndowa ya madzi, chiguduli, ndi kachidutswa ka sopo kamene amake Lusiya amabisira za Khirisimasi.

Ndipaka madzi pakhoma. Khoma limwa. Ndiwonjezera. Limwanso. Ludzu la zaka! Thovu likutuluka lofiira, lokongola ndithu. Ndikupukuta mwamphamvu monga anandionetsera mlamu, mozungulira.

Kenako khoma liyamba kutsika. Timitsinje tofiira, takuda, tachikasu, tonse tikuyenderera pansi n'kukumana pakati pa nyumba. Ndikupukutabe, poti mwina polimba pali pafupi. Mwadzidzidzi m'nyumba mwawala. Chiguduli chatulukira kunja pamodzi ndi dzanja langa.

Pabowopo paoneka diso, kenako nkhope yonse ya bana Malita.

"Mwauka bwanji, bashi Lusiya? Mwaika windo? Yawama. Manje tizayamba kupatsana mchere pamene apa."

Ndawayankha moni. Ndikanatani?

Ndasamukira kungodya, kumutu kwa mphasa yathu, kumene khoma likuoneka lonenepa. Ndangokhudza ndi chiguduli m'munsi, pofika m'bondo, chibenthu chachikulu ngati mbale chamatuka chokha n'kugwera m'manja mwanga.

Pansi pake pali nsalu.

Kansalu ka timaluwa, koyalidwa bwinobwino pakhoma, m'mbali mwake mopanikizidwa ndi dothi. Ndikukadziwa. Ndinagula ndine kwa mmwenye ku Lusaka. Ndi ka diresi la Lusiya.

Ndikanyamula ndi nsonga za zala. Kuseri kwake kuli dzanja.

Kadzanja koyera pa khoma lakuda. Zala zonse zisanu, chachikulu chitatayana ndi zinzake, kachikhatho kosakwana theka la changa. Koyera mbee ngati kaikidwa dzulo.

Ndikukumbukira tsikulo. Amake anabwera ndi dothi loyera lokongoletsera m'munsi mwa khoma. Lusiya anaviika dzanja m'phale, n'kuthamangira mkati, n'kumenya pakhoma lozira kumene, n'kunena kuti, "Ine!" Amake anamuthamangitsa ndi tsache akuseka. Kadzanjako kanakhala pamenepo miyezi ingapo. Ndinkakaona ndikadzuka.

Titabwera kumanda, patapita masiku, ndinaona kuti palibe. Ndinkayesa anafufuta. Zinandipweteka, koma sindinafunse, iyenso sananene. Nkhani ya Lusiya m'nyumba muno timaizungulira ngati chitsa cha m'njira.

Kani sanafufute. Anafunditsa nsalu kaye kuti matope asakadetse, kenako anazira pamwamba. Ndipo chaka chilichonse dzanja lake lakhala likudutsa pamenepa, iye akudziwa chimene chili pansi, ine nditagona chagada pafupi pomwepo ndikuliza mkonono.

Ndalira. Ndikulemba poti bukuli silikauza munthu.

Kenako ndaona kuti chinyezi cha madzi anga chikukwawa kulunjika pomwepo. Ndathamanga, ndathira phulusa louma, ndakupiza ndi lichero mpaka mkono kuwawa. Chaima patatsala pang'ono.

Madzi otsala ndathirira matimati. Sopo watha.

Penti ali pansi pa msuku, sindinamutsegule lero.

Lachisanu, 29 Okutobala

Kum'mawa kwada. Mitambo yaunjikana, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Chaka chino mvula yafulumira dala.

Khoma lakumaso latupa pakati. Dzulo linali lowongoka, lero lili ndi mimba. Denga lapendekera mbali imeneyo ngati chipewa cha munthu woledzera.

Chinsinsi chatha. Ndapita kukaitana amuna a kutchalitchi. Abwera, aima mozungulira manja kumbuyo ngati pamaliro. Ndawaonetsa mtengo wopanda mtengo. Aliyense walowetsamo chala chake, wina pambuyo pa mnzake. Mkulu wina wachita chizindikiro cha mtanda. Wina wanyamuka mofulumira kukagogoda nyumba yake.

Malangizo amene ndalandira:
kuthira palafini m'mitengomo (ndiye tigone ndi machesi kutali)
kumanga ina (pofika mkuja?)
kutumiza uthenga ku Katete kuti basi yafa
kupemphera
kupaka pentiyo msangamsanga, mwina agwira khoma

Pomaliza tadula mphanda kuthengo n'kuchirikiza denga, mkati ndi kunja. Ponyamula, wina wati mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe amene waseka, poti denga linali pamitu pathu ndithu, udzu wowola ukulowa m'makolala.

Atapita ndatenga mpeni. Kadzanja kaja kali pangodya yolumikizana ndi khoma lotupali. Likagwa lipita nako.

Ndadula mozungulira, kutali ndi zala, pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Sindinagwirepo ntchito mosamala chonchi, ngakhale pometa ndevu tsiku la ukwati. Chibenthu chatuluka chathunthu. Ndachigoneka m'lichero pa mchenga wouma, ndachifunditsa malaya anga a Lamulungu, ndachikweza m'nkhokwe. Kansalu kali m'thumba la kabudula.

Pangodyapo tsopano pali windo lachiwiri.

Masana ndakhala pakhonde mutu uli m'manja. Ndayedzamira chitseko. Sichikugwedezeka. Ndichigogoda. Go, go! Ndichibaya ndi mpeni. Mpeni ubwerera.

Chitseko ndi mafelemu ake ndi za mlombwa, tinapatsidwa ndi atsibweni a mkazi wanga pochoka kwathu, tinabwera nazo pamwamba pa lole. Chiswe chinayesa n'kusiya.

Polimba! Ndapapeza!

Ndachipala ndi phale la botolo. Litsiro la manja athu, mafuta, utsi, zonse zikupotana n'kugwa. Ndachikwecha ndi mchenga wa kumtsinje. Thabwa latuluka lofiirira, la mizere yoyenda ngati madzi, losalala ngati tsaya la mwana. Ndalitsuka, silinasungunuke. Ndatseka kabowo ka msomali ndi phula la njuchi, phula lakhala. Malamulo onse a mlamu akugwira ntchito! Munthu uja sananame.

Bana Malita: "Chitseko chawama. Nanga nyumba yake ili kuti?"

Loweruka, 30 Okutobala

Yagwa.

Mvula, kenako khoma.

Inayamba chakum'mawa ndi madontho akuluakulu, otalikirana, aliyense akudzutsa kafumbi kake. Ndinathamangira kunkhokwe kukaona lichero. Louma. Ndili pomwepo mvula inatsika yonse, ya mphepo, yomenya cham'mbali, molunjika pakhoma lomwe ndinalivula zovala.

Ndinaliona ndi maso angawa. Silinagwe mwaphokoso. Linapinda pakati, linagwada, n'kukhala pansi mwaulemu ngati mkamwini wafika kwa apongozi. Mbali ya kumanja kwa chitseko inayamba, ya kumanzere inatsatira. Fumbi pang'ono, basi.

Mvula inakhala kanthawi kochepa, ngati inangobwerera ntchito imeneyi. Dzuwa latuluka. Nthunzi ikukwera pabwalo.

Zimene zaima:
makoma atatu, awiri mwa iwo ali ndi mawindo
denga, pa mphanda
chitseko, chokhachokha m'mafelemu ake, chotseka bwinobwino

Kumanja kwake ng'ombe itha kulowa. Kumanzere ngolo.

Akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndamuposa. Ndili ndi khomo lopanda nyumba.

Masana mlamu afika panjinga, ataweruka, burashi ili m'thumba la malaya, kudzandithandiza kupaka. Atsika njinga isanaime. Ayenda mozungulira mulu wa dothi. Atola chibenthu, ayang'ana mizere yake yofiira, yakuda, yachikasu, achibweza pansi mosamala.

"Mulamu, ine nenze kukamba za nyumba ya njerwa."

Ndati sanatchule njerwa. Ati sindinafunse. Tayang'anana. Tonse tikuganiza za munthu mmodzi, amene pano ali m'njira ndi mwana kumsana. Mlamu ati mawa ali ndi ntchito yofunika ku Lusaka. Lamulungu!

Komabe chitseko achisisita ndi chikhatho, maso atatseka.

"Ichi mwakonza monga muzungu. Olo kapitawo sangakambe kanthu."

Ndiye tapaka. Dzuwa litachiumitsa, mlamu aviika burashi, aipukuta m'mphepete mwa chitini, aiyendetsa kuchokera pamwamba kutsika. Mzere umodzi wabuluu pa thabwa lofiira. Ndamva tsitsi likuima. Andipatsa burashi. Penti akudziyala yekha, akutseka mapazi a burashi, akuwala ngati madzi a padziwe.

Anthu abwera. Amuna a dzulo aja, akazi awo, ena ochokera kumsewu. Aima m'matope. Chitseko chabuluu chaima pakati pa bwalo, kuseri kwake kukuoneka mphasa yanga ndi mphika wosatsuka. Sindinaonepo chinthu chokongola chonchi, ndiponso sindinachitepo manyazi chonchi. Ziwirizi zakhala pamodzi m'mimba mwanga osakangana.

Bana Malita abwera ndi mitolo ya udzu ndi mphasa zakale, atula kuti titchinge mbali za mphepo. Pochoka:

"Osachigwira, bashi Lusiya. Imwe chilichonse mukagwira chimagwa."

Mlamu akuti ndi chinyezi chotere penti sauma msanga. Munthu asachikhudze mpaka Lachiwiri.

Lamulungu, 31 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimaloweza mawu oti ndikanene. Ndinakonza atatu: loyamba lonena za chiswe, lachiwiri za mvula, lachitatu za mchimwene wake.

Basi yafika pa Chongwe itafiira ndi fumbi. Amake Lusiya atsika, aonda pang'ono, akumwetulira. Amasula nsalu n'kundipatsa mwana. Kulemera kwake! Makutu ndi anga, wosauka. Wandiyang'ana ngati akudziwa kale zimene ndachita.

Katundu panjinga, ife pansi. Njira yonse akundiuza za kwathu: ndani wakwatiwa, ndani wamwalira, apongozi apereka moni. Mawu anga atatu aja akana kutuluka. Ndangoti, "Kunagwa mvula dzulo." Ati, "Yachita bwino."

Tikhota pa msuku. Aima.

Ayang'ana chitseko. Ayang'ana mulu wa dothi. Mphanda. Udzu wa bana Malita. Chitseko kachiwiri. Kuseri kwa nkhokwe ndi kwa mitengo ndikuona mitu ya anansi, onse akhala ngati akufuna nkhuku zawo.

Sanakuwe. Atenga mwana m'manja mwanga, amubereka, akonza mpango kumutu. Ayenda kudutsa mpata uja wolowa ng'ombe ngati sakuuona, n'kukaima pakhomo.

"Odi kuno."

Ndisanati penti sanaume, akankha chitseko ndi chikhatho, alowa, atseka. Ine ndaima panja, ndikuwaona bwinobwino kudzera pamene panali khoma.

Sanayang'ane denga, sanayang'ane miphika. Alunjika kungodya ya kumutu kwa mphasa. Apeza bowo. Aima pamenepo chondifulatira, dzanja labuluu lili lende. Msana wawo ndinauona ukutsika, ndipo ndikadzaiwala zonse za sabata ino, chimenecho sindidzaiwala.

Ndathamangira kunkhokwe. Ndabwera ndi lichero, ndalowa, inenso pakhomo. Ndagwada, ndavundukula malaya.

Akhala pansi, padothi pomwepo, ndi zovala za paulendo. Ayang'ana nthawi yaitali. Mwana wayamba kulira, amutembenuzira kutsogolo, amuyamwitsa, maso osachoka m'lichero.

"Mwakaona," atero.

"Ndakaona."

"Nanga kansalu?"

Ndatulutsa m'thumba. Akalandira ndi dzanja lopanda penti, akayala pabondo, akawongola.

"Atate ake Lusiya, mawa mukadule mitengo. Ya muwanga, osati ija munatola pafupi. Dothi nizakumba neka, imwe simuziwa. Aka tizakabwezera pamene kanali." Ayang'ana mwana. "Koma osakaphimba. Aziona mlongo wake."

Za khoma sananenepo kanthu. Za buluu anangofunsa ngati amachoka m'manja. Ndati ndi palafini. Ati palafini ndi wa nyale.

Bana Malita abwera ndi nkhuku yophika, yonona ndi chiswe changa. Atenga mwana, amuvinitsa, amuuza kuti atate ake ndi munthu wamkulu, woyamba m'dziko lino kuchapa nyumba ndi sopo.

Tsopano dzuwa likulowa. Mayi ndi mwana agona kuseri kwa udzu, lichero lili kumutu kwawo. Nyumba yabuluu kulibe. Penti wotsala ndamutseka, ndamukweza m'nkhokwe, adikire njerwa, kaya zidzabwera liti. Mawa nkhwangwa.

Pakati pa chitseko pali chikhatho cha amake Lusiya, zala zonse zisanu, thabwa lofiira likuonekera m'kati mwake. Mlamu anandiuza kuti penti akaonongeka chotere mankhwala ake ndi amodzi: kudikira aume, kupala, n'kupakanso.

Kakhasu kaja ndakaponya pachulu. Chiswe chione chochita nako.